TINJIRA TA KUSERI TA MU MZINDA WA MELBOURNE

Pa nkhani zathu za maiko ena, lero tipita nanu ku Australia, dziko lalikulu la kum'mawa kwathu, kutsidya lija la nyanja yamchere ya India. Kumwera kwa dzikolo kuli mzinda dzina lache Melbourne, umene tsopano uli ndi anthu oposa 5,000,000. Alendo akafika mu mzinda umenewu sathamangira ku nyumba za Boma ndi ku masitolo akuluakulu kokha ai. Ambiri amafunsa njira ya ku tinjira topapatiza ta kuseri kwa nyumba, kumene kale kunali kotayako zinyalala, chifukwa makoma a kumeneko ngodzaza ndi zithunzi za utoto kuyambira pansi kufikira pamwamba.

Kapena wina wa inu afunsa kuti, "Nanga ife alimi, zithunzi za ku Australia zitipindulira chiani?" Taimani mumve. M'kati mwa mbiri iyi muli mlandu umene mfumu iliyonse iudziwa bwino: malo amene asowa wowasamala, anyamata amene manja ao alikuyabwa, ndi funso lakuti kodi mwini wopereka chilolezo ndani. Anthu a ku Melbourne alimbana nao mlandu umenewu zaka zoposa 40, ndipo kufikira lero sunathe kwenikweni.

M'MENE TINJIRATO TINAYAMBIRA

Azungu asanafike, dziko la m'mbali mwa mtsinje wa Yarra linali la anthu akuda a mtundu wa Wurundjeri, umodzi wa mitundu imene Azungu amaitcha Aaborijini. M'chaka cha 1835 Mzungu wina woweta nkhosa, John Batman, anaoloka nyanja kuchokera ku chisumbu cha Tasmania, nakumana ndi akuluakulu a mtunduwo. Anawapatsa mabulangete, mipeni, nkhwangwa, akalilole ndi ufa, nanena kuti wagula dziko la maekala ngati 600,000. Bwanamkubwa Richard Bourke analikana pangano limeneli chaka chomwecho, koma sanabwezere eni ache nthakayo ai. Iye anati dziko lonse nla Mfumu ya ku Mangalande. Mau amenewa muwasunge, pakuti tidzabwerako kutsogoloku.

M'chaka cha 1837 Boma linatuma woyesa malo, Robert Hoddle, kuti alembe miseu ya mzinda watsopano. Iye anayesa malo a mailo imodzi m'litali ndi theka la mailo m'mimba mwache, nalemba miseu yoongoka bwino ya mapazi 99 m'lifupi, yoti ngolo ya ng'ombe nkutembenuka mosabvuta. Bwanamkubwa anaonjeza kuti pakati pa miseu yaikuluyo pakhale ina yaing'ono ya mapazi 33, yofikira kuseri kwa nyumba. Malowo anawadula m'zigawo za theka la ekala, ndipo zoyamba anazigulitsa pa 1 June chaka chomwecho. Mzindawo anaupatsa dzina la Lord Melbourne, amene anali Nduna Yaikulu ya ku Mangalande nthawi imeneyo.

Koma tinjira timene tilikunena lero Hoddle sanatilembe pa pepala lache. Tinabadwa tokha. Inu mudziwa chimene chimachitika munda umodzi ukagawidwa kwa adzukulu asanu: aliyense afuna polowera pache, ndipo tinjira timayamba kuoneka m'malire. Ku Melbourne kunachitika zomwezo. M'chaka cha 1851 anthu anapeza golidi ku Ballarat ndi ku Bendigo, ndipo zombo zinayamba kutsitsa anthu ochokera ku Ulaya, ku Amereka ndi ku China. Chigawo cha Victoria, m'mene muli mzindawu, chinali ndi anthu ngati 77,000 m'chaka cha 1851, koma pofika 1861 anapitirira 500,000. Malo anakwera mtengo koopsya. Eni zigawo anayamba kuzidula timagawo ting'onoting'ono, nasiya mipata yopapatiza yoti ngolo ya katundu ipitemo. Posachedwa tinjira totere tinaposa 100, ndipo tambiri anatiyala ndi miyala yakuda yolimba imene ilipobe kufikira lero.

NGOLO ZA USIKU

Nchito ya tinjirato inali yonyozeka. Amene munakagwirako nchito ku Harare kapena ku Bulawayo mukumbukira tinjira ta kuseri kwa masitolo, m'mene kale munkapita anthu otaya ndowa za m'zimbudzi. Ku Melbourne kunalinso chimodzimodzi. Chimbudzi chinkamangidwa kumapeto kwa bwalo, chogundana ndi kanjira, ndipo usiku anthu atagona kunkabwera ngolo ya akavalo kudzachotsa ndowa yodzaza ndi kuikapo ina. Madzi oipa a m'makhichini ndi a m'nyumba zofufutira zikopa ankangoyenda m'ngalande zosabvundikira kunka ku mtsinje.

Amphawi ndiwo ankakhala m'tinjiramo, m'tinyumba tothinana. Munalinso timasitolo ta amisiri, mogona akavalo, momwera mowa, ndi nyumba za chiwerewere. Munthu waulemu sankafuna kuonekamo. M'zaka za m'ma 1880 mzindawo unalemera kwambiri, numanga nyumba zazitali zokongola m'miseu yaikulu, koma nthenda ya taifodi inali kupha anthu chaka ndi chaka. Ena pouchita chipongwe anautcha Smellbourne, ndiko kunena kuti mzinda wonunkha.

M'chaka cha 1891 Boma linakhazika bungwe loyang'anira madzi ndi zonyansa. Anakumba mipope ya pansi pa nthaka, ndipo nyumba yoyamba inalumikizidwa m'chaka cha 1897. Zonyansazo ankazipopera ku munda waukulu ku Werribee, kumene zinkathirira msipu wodyetsa ng'ombe ndi nkhosa. Nthenda inachepa, ngolo za usiku zinaleka pang'ono pang'ono, koma mbiri yoipa ya tinjira ija inatsala. Anthu anapitiriza kutiyesa kudzala.

MZINDA WONGA NKHATA

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'chaka cha 1945, anthu ambiri anagula magalimoto, nakamanga nyumba zao kunja kwa mzinda kumene kunali malo aakulu. Masitolo nao anawatsata komweko. Pakati pa mzinda panatsala maofesi okhaokha. M'mawa anthu ankabwera ku nchito, madzulo onse nkubwerera kwao, miseu nkungoti zii. Mzindawo unafanana ndi nkhata yosenzera mtsuko: m'mbali muli kanthu, pakati pali bowo. Tinjira tina anatitseka ndi kutigulitsa kwa omanga nyumba zazikulu. Totsalato munali migolo ya zinyalala, makoswe ndi mdima. M'chaka cha 1978 mmisiri wolemba mapulani a nyumba, Norman Day, analemba m'nyuzipepala ya The Age kudandaula kuti pakati pa mzinda pasanduka malo opanda anthu ndi opanda nchito.

Akulu a Khonsolo ya mzinda anaona kuti zinthu zaipa. M'chaka cha 1985 anapangana za njira yatsopano yokonzera mzinda wao. Mmodzi wa amene anatsogolera nchitoyi kwa zaka zambiri ndi Rob Adams, munthu amene anakulira ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, naphunzira za mamangidwe ku Cape Town. Maganizo ao anali akuti mzinda sukoma ndi nyumba zazitali, ukoma ndi anthu oyenda pansi. Nthawi imeneyo nyumba zogonamo anthu pakati pa mzinda sizinafike ndi 1,000 zomwe. Chotero m'chaka cha 1992 Khonsolo inayamba kuthandiza eni maofesi ndi nyumba zosungiramo katundu zimene zinangokhala chabe, kuti azisandutse nyumba zogonamo. Anakuza njira za oyenda pansi, anabzala mitengo, anaika nyali, ndiponso malamulo anafewetsedwa kuti munthu wa ndalama zochepa athe kutsegula kanyumba ka tiyi kapena ka chakudya m'kanjira, kumene lendi inali yotsika.

Sanangoyerekeza chabe kuti zinthu zilikuyenda. Anaitana katswiri wa ku Denmark, Jan Gehl, amene pamodzi ndi anchito a Khonsolo anawerenga anthu oyenda m'miseu, monga mlimi awerenga matumba ache akatha kukolola. Anatulutsa chiwerengero m'chaka cha 1994, nabwerezanso m'chaka cha 2004, ndipo anapeza kuti anthu oyenda madzulo achuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri.

ANYAMATA NDI UTOTO

Pamene akulu anali kukonza mapulani ao, anyamata nao anali ndi zao. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 anatengera khalidwe la anzao a ku New York, lolemba maina ao ndi malemba akuluakulu pa sitima za pamtunda ndi pa makoma. Chida chao ndi kachitini ka utoto kopopera, konga kaja mumapopera udzudzu m'nyumba. Ankachita usiku, mobisala, mwini khoma osampempha. Apolisi ankawathamangitsa, eni nyumba ankafafaniza, m'mawa mwache malemba nkubwereranso.

M'chaka cha 1984 kunafika mnyamata wa ku Amereka, Keith Haring, amene anatchuka ndi kujambula ndi choko m'masiteshoni a sitima za pansi pa nthaka ku New York. Iyeyu anachita kuitanidwa, ndipo anapatsidwa khoma la sukulu ya za umisiri ku Collingwood, pafupi ndi pakati pa mzinda. Tsiku limodzi lokha anajambula anthu obvina ndi chimbozi chachikulu cha mutu wa kompyuta, ana a sukulu alikuonerera. Anthu anayamba kuona kuti chithunzi cha pa khoma la panja chingathe kukhala chinthu cha mtengo wache. Haring anamwalira m'chaka cha 1990. Boma la Victoria linalemba khomalo m'buku la zinthu zosungidwa ndi lamulo m'chaka cha 2004, ndipo m'chaka cha 2013 analikonzanso popeza dzuwa ndi mvula zinali zitalifwifwitsa.

M'tinjira ta pakati pa mzinda, munthu wina dzina lache Andrew Mac anayamba m'chaka cha 1996 kupachika mabokosi a nyali za magetsi oonetsa zithunzi m'kanjira ka Centre Place, ndipo pambuyo pache anachita chomwecho mu Hosier Lane. Kumene kunali mdima kunawala, ndipo ojambula ena anatsatira. Cha m'ma 2000 kunabuka luso lina. Munthu amaboola chithunzi pa katoni ali kunyumba, akafika pa khoma nkugunditsa katoniyo, nkupopera utoto, monga momwe amalembera malemba pa mabelo a fodya kapena pa matumba. Nchito yotere imatha m'kamphindi, mlonda asanatembenuke. Zithunzi za mtundu umenewu zinadzaza tinjira, zina zoseketsa, zina zodzudzula atsogoleri ndi nkhondo.

Khonsolo inaona kuti anthu ayamba kulowa m'tinjiramo kudzaona zithunzi, ndipo akalowa amagulako tiyi ndi chakudya. M'chaka cha 2001 inayamba kulipira amisiri chaka ndi chaka kuti aike nchito zao m'tinjira kwa kanthawi. M'chaka cha 2004 kanjira kena kotchedwa Corporation Lane anakasintha dzina nkukhala ACDC Lane, polemekeza gulu la oyimba la ku Australia komweko.

MAPANGA AWIRI

Akuluakulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Boma la kumeneko linapezeka kuti dzanja lina lilikuitana, lina lilikumenya. Eni masitolo ndi eni nyumba ambiri ankadandaula, ndipo dandaulo lao linali loona: munthu wapaka khoma lache ndi ndalama zache, m'mawa apeza wina walembapo dzina lache. Nyumba ya mwini saotchera mbewa. Pokonzekera masewero a maiko a Commonwealth a m'chaka cha 2006, anafafaniza zithunzi ndi malemba ambiri, makamaka m'mbali mwa njanje. M'chaka cha 2007 Boma la Victoria linapanga lamulo lolimba: wolemba pa khoma popanda chilolezo cha mwini angathe kumangidwa kufikira zaka ziwiri, wopezeka ndi kachitini kopopera pa sitima kapena pafupi ndi njanje popanda chifukwa chomveka alipitsidwa, ndipo wa sitolo saloledwa kugulitsa kachitiniko kwa mwana wosakwana zaka 18 popanda umboni wakuti nka nchito.

Koma chaka chomwecho cha 2007 Khonsolo ya mzinda inatenga kanjira ka Union Lane, kamene kanali kamdima ndi konunkha, nikapereka kwa anyamata ndi atsikana oposa 50, a zaka 13 kufikira 28, kuti ajambule makoma onse awiri motsogozedwa ndi amisiri odziwa. Inakonzanso njira yakuti mwini nyumba akabvomera, khoma lache likhale lololedwa kujambulapo, ndipo anchito ofafaniza asalikhudze.

Mkangano unaonekera poyera m'chaka cha 2008. Bungwe la Boma loitana alendo linakaonetsa chifaniziro cha tinjira ta zithunzi pa chionetsero ku Florida, m'dziko la Amereka, kuti anthu akopeke kudzacheza ku Melbourne. Nduna Yaikulu ya Victoria, John Brumby, anakwiya nazo, nati Boma silingatamande kunja chinthu chimene lilikuletsa kwao. Onani tsono: chinthu chimodzi chomwecho, ofesi ina ilikuchiyesa chuma, ina ilikuchiyesa mlandu.

CHITHUNZI CHA PANJA SICHIKHALITSA

Panabukanso bvuto lina. Ngati chithunzi chili chabwino, kodi chisungidwe bwanji? M'chaka cha 2003 kunafika wojambula wa ku Mangalande wodzitcha Banksy, amene amabisa dzina lache lenileni. Anasiya tizithunzi tingapo m'tinjira popanda kupempha munthu. Patapita zaka anatchuka pa dziko lonse, ndipo nchito zache zinayamba kugulidwa ndi ndalama zambiri. Kamodzi ka tizithunzi tache, ka munthu wobvala chisoti chomirira m'madzi, kanali kuseri kwa nyumba yotchedwa Nicholas Building. M'chaka cha 2008 anakaphimba ndi galasi la pulasitiki kuti kasaonongeke. Chaka chisanathe anthu osadziwika anathira utoto wotuwa kuseri kwa galasilo, kachithunziko nkutheratu. M'mwezi wa April 2010 anchito otumidwa ndi Khonsolo kukayeretsa Hosier Lane anafafaniza kachithunzi kena ka Banksy, ka khoswe wotsika ndi ambulera ya m'ndege, osadziwa kuti nka mtengo wapatali. Khonsolo inabvomera kuti panalakwika.

M'chaka cha 2013 wojambula wina, Adrian Doyle, atalandira chilolezo, anapaka kanjira konse ka Rutledge Lane utoto wobiriwira ngati thambo, makoma, pansi ndi migolo ya zinyalala yomwe. Iye anafuna kuti anzache ayambirenso pa khoma loyera. Tsiku lisanathe ena anali atayamba kale kulembapo. M'mwezi wa February 2020 gulu la anthu obisa nkhope linalowa mu Hosier Lane ndi zitini zozimira moto zodzaza utoto, nkuwaza makoma onse alendo alikuona. Meya wa mzinda, Mai Sally Capp, anati uku nkuononga, ndipo nkhani inapita ku polisi. Koma ojambula ena anati kanjirako kanasanduka msika wa alendo, ndipo khalidwe la malowo kuyambira kale nlakuti wina ajambula, wina adzajambula pamwamba pache.

Amai a kumudzi aidziwa nkhani imeneyi. Mai akazira nyumba yache ndi dothi lofiira, lakuda ndi loyera, naikapo maluwa ache m'munsi mwa chipupa, adziwa kuti mvula ya dzinja idzachotsa, ndipo chaka chamawa adzaziranso. Chimene chisunga nyumba yokongola si dothi la chaka chatha ai, koma dzanja losaleka kuzira. Ku Melbourne nakonso anaphunzira kuti galasi silisunga chithunzi cha panja. Chisunga tinjira tija ndi anthu amene amabwera tsiku ndi tsiku, ena kudzajambula, ena kudzaona, ena kudzagulitsa.

NKHOPE YA MFUMU BARAK

Tsopano tibwerere kwa eni nthaka aja. Azungu atachuluka, Awurundjeri anatha ndi nthenda, njala ndi kulandidwa malo. Otsala anakakhala ku Coranderrk, malo amene Boma linawapatulira m'chaka cha 1863, mailosi ngati 40 kuchokera mu mzinda. Kumeneko analima mwakhama, makamaka mbeu ya hops imene amaika m'mowa wa Chizungu, ndipo zokolola zao zinapambana pa chionetsero. Azungu oyandikana nao anasirira nthakayo, nafuna kuti anthuwo achotsedwe. Mfumu yao, William Barak, inatsogolera anthu ache kuyenda pansi kufikira ku Melbourne kukadandaula kwa akulu a Boma, osati kamodzi kokha. Barak analinso wojambula. Pa ukalamba wache anajambula magule ndi miyambo ya mtundu wache ndi makala ndi dothi la mitundu, kuti ana a m'tsogolo asadzaiwale. Anamwalira m'chaka cha 1903, ndipo Coranderrk anatsekedwa m'chaka cha 1924.

Kwa zaka zambiri munthu woyenda pakati pa Melbourne sakadaona chizindikiro chakuti dzikolo linali ndi eni ache. M'chaka cha 2014 wojambula wodzitcha Adnate anajambula nkhope ya mnyamata wa Chiaborijini pa khoma la mu Hosier Lane, yotalika mapazi ngati 75, maso ache alikuyang'ana cha ku mtsinje. M'chaka cha 2015 kunatsirizidwa nyumba yosanja ya zipinda zogona, yoposa nsanjika 30, kumapeto kwa mseu wa Swanston. Makhonde ache oyera anawaumba mwa luso lakuti munthu akaima patali amaona nkhope ya Mfumu Barak ilikuyang'ana mzinda wonse. Omanga anayamba afunsa akulu a Awurundjeri. Komabe anthu sanagwirizane onse. Ena anakondwa kuti mfumu yabwerera pa malo ache. Ena anafunsa kuti kodi nkoyenera kuika nkhope ya munthu wolandidwa dziko pa nyumba ya malonda, imene adzukulu ache ambiri sangathe kugulamo chipinda? Inu mafumu, funso limeneli muliweruze nokha.

ZITHUNZI ZIFIKA KWA ALIMI

Luso lobadwira m'tinjira ta mu mzinda linafika ndi kumidzi komwe. Kumpoto chakumadzulo kwa Melbourne, ulendo wa mailosi oposa 200, kuli dziko louma la alimi a tirigu ndi nkhosa. M'mbali mwa njanje muli nkhokwe zazikulu za simenti, zina zotalika mapazi 100, m'mene kale alimi ankatula tirigu wao. Makina atachuluka, munda umodzi unayamba kulimidwa ndi anthu owerengeka, achinyamata anathawira m'tauni, chilala chinabwera kawirikawiri, ndipo nkhokwe zambiri zinasiyidwa. Midzi inayamba kufota.

Mudzi wina waung'ono wotchedwa Brim, wa anthu ngati 100, unabvomera kuti nkhokwe zache zakale zijambulidwe. Anthu a m'mudzimo, Khonsolo ya dera lao ndi kampani ya GrainCorp, mwini nkhokwezo, anagwirizana. Wojambula Guido van Helten anayamba wakhala pakati pao ndi kucheza nao, ndipo pambuyo pache anakwera pa makina onyamula munthu m'mwamba, nagwira nchito masabata angapo pa dzuwa loswa mtengo. M'mwezi wa January 2016 anatsiriza zithunzi za alimi anai, ataima chiriri, nkhope zao zoonetsa kutopa ndi kupirira. Mbiri inawanda, ndipo magalimoto amene kale ankangopitirira anayamba kuima pa Brim, alendo nkumagula chakudya ndi mafuta.

Midzi yoyandikana nayo itaona inachita chimodzimodzi: Patchewollock, Sheep Hills, Rupanyup, Lascelles ndi Rosebery. Pa Sheep Hills, Adnate yemwe uja anajambula nkhope za akulu awiri ndi ana awiri a Chiaborijini a m'dera lomwelo. Lero alendo amayenda ulendo wa mailosi oposa 100 kutsata nkhokwe zimenezi. Zithunzi sizinagwetse mvula kapena kubweza achinyamata onse amene anachoka, koma zinabweretsa ndalama pang'ono m'masitolo a m'midzi, ndipo alimi anaona kuti nchito yao yalemekezedwa pamaso pa dziko.

ZOTI TITOLEPO

Mwamva tsono ulendo wa tinjira timeneti: tinayamba ngati malire a zigawo, tinakhala njira ya ngolo za zonyansa, tinasiyidwa mu mdima, ndipo lero ndito tikoka alendo. Utoto pa wokha sukadatha kuchita zimenezi. Panafunika anthu ogona pafupi, nyali, wosesa, wogulitsa tiyi, mwini khoma wobvomera, ndi akulu olola kuti achinyamata apatsidwe pao pogwira. Mutu umodzi susenza denga.

Taonaninso kuti kuletsa kokha sikunathetse kulemba pa makoma, ndipo kulekerera kokha kunadandaulitsa eni nyumba. Pamene zinthu zinayenda bwino mpamene anagwirizana poyera kuti khoma ili nlololedwa, ilo nloletsedwa, ndipo amene anajambulidwa kapena kukhudzidwa anayamba afunsidwa.

M'midzi mwathu namonso muli malo a kuseri: kumbuyo kwa msika, chipupa cha sukulu, shedi yakale ya fodya, njira ya ku chitsime imene yamera thengo. Mulinso anyamata ndi atsikana a luso la manja amene alikusowa pogwira. Inu mafumu ndi nyakwawa, pa msonkhano wanu wotsatira mungathe kufunsa anthu anu kuti malo otere ndi ati, mwini wache ndani, ndipo angapatsidwe kwa yani kuti awasamale.